MPHUNGU YA M'NKHALANGO YA PEREKEZI

Kum'maŵa kwa boma la Mzimba kuli nkhalango yotchedwa Perekezi. M'nkhalangoyi muli mitengo ya mombo, misuku ndi ina yambiri. Tsiku lina ana a sukulu a ku Manyamula anapita kumeneko ndi aphunzitsi awo kukaona nyama ndi mbalame.

Anafika m'mamaŵa mame asanakamuke. Mlonda wa nkhalango anawalangiza kuti aziyenda mwakachetechete, pakuti nyama ya m'tchire imamva munthu iye asanaione. Posakhalitsa anaona agologolo akuthamangitsana m'nthambi. Gwape anadzambatuka pa chitsamba nathaŵa, ndipo nkhanga zinalira kutsidya kwa khwaŵa.

Dzuŵa litakwera, onse anakhala pa thanthwe nayang'ana kumwamba. Anadikira nthaŵi yaitali, mpaka ena anayamba kuodzera.

"Taonani uko!" anatero mlonda uja monong'ona.

M'mwambamwamba munali mbalame yaikulu. Inkauluka osakupiza mapiko, koma kumangopendekera uku ndi uku. Mchira wake unali waufupi kwambiri, ngati wodulidwa.

"Kodi ndi kabaŵi, aphunzitsi?" anafunsa mtsikana wina.

"Iyayi, mwanawe. Kabaŵi ali ndi mchira wautali wa mphanda. Imeneyo ndi mphungu," anayankha aphunzitsi. "Nkhope ndi miyendo yake nzofiira, thupi nlakuda, koma kunsi kwa mapiko nkoyera."

Mlonda anafotokoza kuti mphungu imauluka motero pafupifupi tsiku lonse kufunafuna chakudya. Imagwira mbeŵa, abuluzi, njoka ndi mbalame zinzake, ndiponso imadya nyama zofa zokha. Makolo athu ankati mphungu sataya nthenga, chifukwa nkwapatali kutola nthenga yake pansi.

"Nanga bwanji kwathu sitiiona?" anafunsa mnyamata wina.

"Mbalameyi yachepa ndithu," anatero mlondayo. "Imamanga chisa mu mtengo waukulu ndi kuikira dzira limodzi lokha. Imalifungatira masiku oposa 50, ndipo mwana wake amatha zaka 7 kapena 8 asanamere nthenga zonga za amake. Tsono anthu akadula mtengo wa chisa kuti aotche makala, chaka chimenecho mwana palibe. Ena amathira mankhwala akupha pa nyama yakufa kuti aphe afisi, koma mphungu, imene ili ndi maso akuthwa, ndiyo imayamba kufikapo."

Aphunzitsi anaonjezera kuti m'chaka cha 2020 akatswiri a zachilengedwe anaika mphungu m'gulu la mbalame zimene zili pangozi yakutha. Ana anaiyang'anitsitsa mpaka inazimirira kuseri kwa phiri, ndipo aliyense anajambula chithunzi chake m'kope.

MAFUNSO

1. Kodi nkhalango ya Perekezi ili m'boma liti?
2. Chifukwa chiyani mlonda anauza ana kuti aziyenda mwakachetechete?
3. Mungasiyanitse bwanji mphungu ndi kabaŵi zili m'mwamba?
4. Fotokozani zifukwa ziŵiri zimene zachepetsa mphungu.
5. Lembani ziganizo pogwiritsa ntchito mawu aŵa: dzambatuka, fungatira, zimirira.