Phunziro la kompyuta: tebulo losasokonekera mu Word

Teremu yatha tinachita manyazi. Pepala la malikisi a Fomu 3 linkaoneka bwinobwino pa kompyuta ya mu ofesi, koma titakalisindikiza pa shopu ina ku Chitakale, manambala anali atasuntha. Malikisi a Masamu a mwana wina anagwera pansi pa Biology. Bambo ake anafika pasukulu nkhope ili gwaa, kudzafunsa kuti mwana wawo walephera bwanji phunziro limene amalikhoza. Mwanayo sanalakwe. Olakwa tinali ife, chifukwa chimene tinkachitcha tebulocho sichinali tebulo.

Tinangodina batani lalitali lija lopatulira mawu kambirimbiri mpaka manambala ataoneka ngati afola. Komatu zilembo sizilingana kukula: mu Times New Roman, w ndi wonenepa kuposa i. Kompyuta ina ikakhala kuti ilibe mtundu wa zilembo umene munalembera, imaikapo mtundu wina, ndipo zonse zimasuntha.

Tebulo lenileni ndi timabokosi, ndipo cholembedwa m'kabokosi sichithawira kwa mnzake. Tiyeni tiyesere pa ndandanda wa nthawi za Swala m'mwezi wa Ramadhan, umene a komiti ya mzikiti amatipempha chaka ndi chaka. Dinani Insert, kenako Table, kenako Insert Table. Lembani makolamu 7: deti, tsiku la mwezi wa Ramadhan, Fajr, Dhuhr, Asr, Maghrib ndi Isha. Mizere ikhale 31, woyamba wa mitu, inayo ya masiku 30. Pochoka m'kabokosi kupita kotsatira dinani Tab. Ambiri amadina Enter, mzere nkumangotalika, iwo nkumadandaula kuti kompyuta yafa. Mukadina Tab muli m'kabokosi komaliza, Word imawonjezera yokha mzere watsopano.

Tebulo likatulukira kunja kwa pepala musalimbane nalo pokoka malire ndi mausi. Dinani mkati mwake, pitani pa Layout ya tebuloyo, sankhani AutoFit, kenako AutoFit Window. Ngati likumadumphadumpha kapena mawu akulizungulira, nthawi zambiri ndiye kuti munalikoka mosadziwa. Tsegulani Table Properties, pa Text wrapping musankhe None.

Chimene chimatipweteka mutu kwambiri ndi tebulo lalitali, ngati la kalasi yonse, lofika tsamba lachiwiri. Kumeneko mitu kulibe, ndipo kholo likuwerenga silidziwa kuti nambala iyi ndi ya Chichewa kapena ya Agriculture. Ena amalembanso mituyo pamanja. Musatero, pakuti mukangowonjezera dzina limodzi pamwamba, mitu yanuyo itsikira pakati pa tsamba. Dinani mu mzere woyamba, musankhe Repeat Header Rows, mitu izibwera yokha pa tsamba lililonse. Komanso mu Table Properties, pa Row, chotsani kachongi pa Allow row to break across pages, kuti mzere wa mwana mmodzi usaduke pakati.

Nanga tsamba lopanda kanthu lija lobwera kumapeto, limene kusindikiza amatilipiritsa ngati lolembedwa? Word imasiya ndime yopanda mawu pansi pa tebulo lililonse, ndipo ndimeyo siifufutika. Dinani Ctrl, Shift ndi 8 pamodzi kuti muone chizindikiro chake, ¶, muchichepetse kufika pa saizi 1, tsambalo lichoka. Onaninso pa Size kuti pali A4. Makompyuta ambiri amabwera atatcheredwa pa Letter, pepala la ku America, lotalika mamilimita 279, pamene A4 amene timagula kuno ndi 297.

Amene mudzalembe Computer Studies pa MSCE, gwirani ichinso: mukasankha tebulo lonse nkudina Delete, mumangofufuta zamkati, timabokosi nkutsala. Backspace ndiye amachotsa tebulo lonselo. Ndipo ndi magetsi athuwa, Ctrl ndi S azikhala pa chala.

Musanaike ntchito yanu pa flashi kapena kuitumiza pa WhatsApp kwa a Shehe, isungeni ngati PDF kudzera pa Save As. PDF imaoneka chimodzimodzi pa foni ndi kosindikizira. Mukatero itseguleni, muike rula pansi pa mzere uliwonse, wina aziwerenga mokweza kuchokera pa pepala loyambirira, inu mukutsatira.