Azakhali, kasitima ka bambo a kunyumba kandilanda tulo

Azakhali,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Leicester ndipo ndimagwira ntchito ya usiku kunyumba yosamalirako okalamba. Bambo a kunyumba kuno adayamba kusonkhanitsa timasitima tating'ono toyenda pa kanjanji ka magetsi, mpaka kachipinda kathu ka alendo kadasanduka siteshoni. Poyamba sindinkadandaula, ndinkati bola zimenezi kusiyana ndi kumowa. Koma tsopano agula kamutu ka sitima kolira, akuti Class 37. Kamayamba ndi kutsokomola, kenako kulindima, kenako hutala, ndipo amakayatsa nthawi yomwe ine ndaweruka ndikufuna kugona. Aneba omwe tidagundana nawo khoma agogoda kale. Ndikati achepetseko, akuti kalibe pochepetsera, kadachoka choncho kufakitale. Kodi ndikaponye m'bini?

Wosowa Tulo, Leicester

Mwana wanga Wosowa Tulo,

Tseka kaye biniyo. Timitu ta sitima tolira timeneti kawirikawiri timadutsa mapaundi 200, ndipo ngati akamwini anga adakuuza kuti adakatola motchipa, ine kuno ndangoseka. Ukakataya, mwezi wamawa agula kena, ndalama yake n'kuchoka pa ija mumatumiza kumudzi.

Phokosolo lisakudabwitse. Class 37 yeniyeni, yomwe kampani ya English Electric idapanga pakati pa 1960 ndi 1965, okonda sitima ku Britain amaitcha thirakitala chifukwa cha kaliridwe kake. Mwa timitu tonse ta m'sitolo, akamwini adasankha kaphokoso akuona. Koma zoti kalibe pochepetsera, pamenepo akupusitsa, kapena tinene mwaulemu kuti amuna ndi mapepala a malangizo samwerana madzi. Kafufuze m'bokosi lomwe kadabweramo, kapepalako ukakapeza kadakali kopindapinda.

M'mimba mwa kasitimako muli kachipangizo kotchedwa dikoda. Usathamangire rimoti ya DStv, iyi ndi ina. Kanjanjiko kamakhala ndi magetsi nthawi zonse, ndipo malamulo ochokera ku kontirola yomwe akamwini amagwira m'manja amayenda m'magetsi momwemo. Sitima iliyonse ili ndi nambala yake, imamvera zokhazo zomwe zatumizidwa kwa iyo. Njira imeneyi amaitcha DCC. Idachokera ku kampani ya Lenz ya ku Germany, kenako bungwe la NMRA la ku America lidaikhazikitsa kuti makampani onse aziitsata. Dikodayo imasunga zonse zomwe yauzidwa m'timabokosi ta manambala totchedwa CV: kathamangidwe, mbali yolowera, nyali, ndi mphamvu ya mawu yomwe. Kuchepetsa phokoso n'kusintha nambala m'kabokosi kamodzi basi.

Chosokoneza n'chakuti makampani adagwirizana pa zambiri, koma pa kabokosi ka mawu aliyense adayenda yake njira. Dikoda ikakhala LokSound ya kampani ya ESU, kabokosi kake ndi CV63, ndipo pa mitundu ya V4 ndi V5 manambala amayambira pa 0 kulekeza 192. Ikakhala ya Zimo ya ku Austria, ndi CV266. SoundTraxx ya ku Colorado imagwiritsa CV128, kuyambira 0 mpaka 255, pomwe Digitrax ili pa CV58 ndipo imathera pa 15 pokha. Waona chifukwa chake ndikukakamira kapepala? Nambala 15 kwa mmodzi ndi kukuwa, kwa wina ndi kunong'ona. Akamwini asakopere manambala kwa anzawo a kukalabu asadadziwe kuti m'sitima mwawo muli dikoda ya ndani, chifukwa akalemba m'kabokosi kolakwika, kasitima kayamba kuyenda chafutambuyo kapena kungoti zii osayankha. Ngati ili HM7000 ya Hornby, mwayi wanu: imeneyo imalumikizana ndi foni pa Bluetooth, mawu mumachepetsa ndi chala.

Tsono chochita nachi. Aike kasitimako pa kanjanji kapadera kosinthirapo manambala, kali kokha, pakuti chilichonse chomwe chili pamenepo chimalandira nambala yatsopanoyo. Asadasinthe kanthu, awerenge nambala yomwe ilimo n'kuilemba papepala. Ndanena papepala, osati m'mutu. Mutu umenewo ndi womwe udaiwala kuti uli ndi mkazi wogwira ntchito usiku. Akatero aidule pakati, amvetsere. Akhozanso kusintha kasitimako kali pa njanji yake yeniyeni kakulira, n'kumamva kusiyana kwake nthawi yomweyo, kungoti pamenepo makontirola ambiri sangathe kuwerenga nambala yakale, n'chifukwa chake ayambe alemba.

Apa iwenso uli ndi ntchito, ndipo ndi yokoma. Kagone pabedi lako, chitseko chotseka. Iwo azitsitsa nambala pang'onopang'ono, iwe uzimenya khoma ukamamvabe. Ukasiya kumenya, kaya chifukwa sukumva kaya chifukwa wagona, nambala yake ndi imeneyo.

Ndikudziwa chomwe anene: kuti mawu akachepa sikhalanso sitima yeniyeni. Usakangane nawo za tulo tako, pamenepo adagontha kale. Uwagwire pa zomwe amanyadira. Timasitima tambiri ta ku Britain ndi ta muyeso wa OO, womwe umachepetsa sitima yeniyeni maulendo 76. Ndiye munthu akaima mita imodzi kuchoka pa kanjanji kawoko, zili ngati waima mamita 76 kuchoka pa njanji yeniyeni. Uwafunse modekha, uku ukuwathirira tiyi: kodi ali mwana, akaima pamtunda wotero sitima ikudutsa ku Limbe, mano ankagwedera? Sitima ikalowera kumapeto a chipinda iyenera kumveka kuti yapita kutali, ikamabwerera imveke kuti ikudza. Yolira mofanana kulikonse ndi wayilesi chabe. Chinanso, kasipika kali m'menemo n'kakang'ono ngati chala. Ukakakweza mpaka pamapeto kamasasa mawu, injini n'kumamveka ngati chitini. Kukuwa kwa kufakitale kumayenera m'maholo a zionetsero momwe muli khamu la anthu ndi masitima ambirimbiri, osati m'nyumba yogundana khoma ndi eni ake.

Nthawi zina injini imakhala bwino koma wolakwa ndi hutala. Mawu aliwonse ali ndi kabokosi kawokawo. Pa SoundTraxx n'zosavuta: CV129 hutala, CV130 belu, CV131 injini. Pa LokSound pali kakhomo koyamba kutsegula: alembe 16 mu CV31 ndi 1 mu CV32, kenako apite ku CV259, CV267, CV275 n'kumapitirira modumpha 8, kapepala kaja n'komwe kanene kuti hutala ali m'kabokosi kati. Akaiwala kutsegula kakhomoko akhala akusintha zina zosadziwika. Ngati manambalawa awazunguza mutu, pali pulogalamu yaulere ya pakompyuta, DecoderPro ya JMRI, yomwe imaonetsa zonsezi ndi mayina ake.

Zikasokonekeratu asalire. Pa ESU ndi madikoda ena ambiri, kulemba 8 mu CV8 kumabwezera zonse momwe zidachokera kufakitale. Nambala ya sitima imabwerera pa 3, ndipo phokoso lija nalonso limabwerera lonse, ndiye tsiku limenelo usakhale uli m'tulo.

Ndatsala pang'ono kuiwala chomwe akubisira kwenikweni. Pa kontirola pali batani lozimitsiratu mawu, sitima n'kumayenda mwakachetechete. Pa timasitima tambiri ta ku Britain ndi F1, pa ta ku America ndi F8. Iwo amalidziwa bwino, chifukwa ndi lomwe amadina poyatsa phokosolo. Uliphunzire lero, ndipo ugwirizane nawo kuti kuyambira iwe ukalowa m'nyumba mpaka utadzuka, sitima ndi yosalankhula.

Za aneba, apite okha akapepese, koma asawalowetse m'kachipindako. Bambo wa kumeneko akangokaona, agula kake, phokoso n'kumachokera mbali zonse ziwiri za khoma. Ndipo ukadzandilembera kuti abwera ndi ina yotulutsa utsi, pakuti zotero zilipo, ine sindidzayankha. Imeneyo ndi ya ankhoswe.

Ndine,
Azakhali