Zoyenera kuchita woyimba makina akamubera liwu

Mu Epulo 2023 pa TikTok ndi Spotify panatuluka nyimbo yotchedwa Heart on My Sleeve. Oimva ankati ndi Drake ndi The Weeknd, chonsecho awiriwa sanapondeko mu situdiyo. Munthu wina wodzitcha Ghostwriter anatsanzira liwu lawo pogwiritsa ntchito makina a AI, ndipo nyimboyo inachotsedwa kampani ya Universal Music Group itadandaula. Woyimba wa ku Lilongwe alibe chikampani chotere chomuyankhulira. Nyimbo yabodza ikangofika kwa anyamata oika nyimbo m'mafoni ndi m'mamemori khadi cha ku depoti ndi mumsewu wa Malangalanga ku Old Town, mawa lake ikulira m'maminibasi a ku Kawale ndi Area 25, ndipo kumeneko palibe amene angaichotse. Choncho ntchito yaikulu yodziteteza muigwire zinthu zisanavute.

Yambani ndi kudziwa pamene lamulo lathu lalekezera. Copyright Act ya 2016, yomwe inalowa m'malo mwa ya 1989, imateteza nyimbo yomwe munapeka, yomwe munajambula, komanso ufulu wanu pa zimene munayimba. Koma kamvekedwe ka liwu, kaja kamachititsa munthu kuzindikira Lucius Banda kapena Wambali Mkandawire mzere woyamba usanathe, lamuloli silikatchula ngati katundu wa munthu. Linalembedwa makinawa asanafale. Kwina ayamba kutseka mpatawu. Ku Tennessee, m'dziko la America, lamulo la ELVIS Act linasainidwa mu Malichi 2024 n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 Julayi, ndipo limaletsa kugwiritsa ntchito liwu la munthu, lenileni kapena lotsanzira, popanda chilolezo. Mu Julayi chaka chomwecho khoti lalikulu la Bombay ku India linaletsa otsanzira liwu la woyimba Arijit Singh. Mu 2025 boma la Denmark linalengeza zosintha lamulo kuti nkhope ndi liwu zikhale za mwini wake. Ife tilibe lamulo lolunjika chonchi, ndiye tigwiritse ntchito zomwe zilipo.

Chachiwiri, lembetsani nyimbo zanu zonse ku COSOMA, bungwe lomwe lakhala likuyang'anira umwini wa ntchito za luso kuyambira 1992 ndipo likulu lake lili mu Lilongwe momwemuno. Umwini umayamba pamene mwapeka nyimbo, osati pamene mwalembetsa, koma tsiku la mkangano pepala ndi limene limayankhula. Sunganinso mafayilo oyambirira a ku situdiyo ndi masiku ake, pamalo awiri osiyana.

Chachitatu ndi chimene oyimba ambiri amachinyozera: mgwirizano wolemba ndi pulodyusa. Makina amaphunzira bwino kwambiri pa liwu loyera, lija limajambulidwa lokha lisanasakanizidwe ndi zing'wenyeng'wenye. Liwu loteroli silipezeka pa wailesi. Lili mu kompyuta ya ku situdiyo, ndipo nthawi zambiri limakhala mmenemo zaka, kompyutayo mpaka kugulitsidwa kapena kupita kwa wokonza lili momwemo. Ndiye musanaime pa maikolofoni, gwirizanani zinthu zitatu ndipo zilembedwe. Mafayilo a liwu lanu ndi anu, ndipo situdiyo isapereke kwa wina aliyense popanda chilolezo chanu cholemba. Asagwiritsidwe ntchito kuphunzitsa AI kapena kupanga liwu lofanana ndi lanu. Ntchito ikatha, mupatsidwe mafayilowo, ndipo zidziwike ngati situdiyo isungako ena ndi kwa nthawi yaitali bwanji. Tsamba limodzi ndi lokwanira, la m'Chichewa kumene, nonse awiri musaine pamaso pa mboni. Ndikudziwa kuti pulodyusa nthawi zambiri ndi mnzanu wa kalekale, ndipo kumutulutsira pepala kumaoneka ngati kumukayikira. Muuzeni kuti pepalalo likumutchinjirizanso iyeyo, chifukwa liwu likadzatuluka, chala choyamba chidzaloza iye.

Chenjeraninso ndi mapepala omwe ena amakupatsani. Kampani kapena bungwe la ku City Centre kapena Area 10 likakuitanani kuti muyimbe kanyimbo kotsatsa malonda, werengani ndime yonena za kagwiritsidwe ntchito ka liwu ndi chithunzi chanu. Ikakhala yakuti angagwiritse ntchito m'njira iliyonse, mpaka kalekale, ikaneni kapena ichepetseni: ntchito iyi yokha, kwa miyezi yakuti. Nawo mapulogalamu a pafoni omwe amati lowetsani liwu lanu tikukonzereni ali ndi malamulo awo, ndipo mukadina kuvomera, mwina mwapereka chilolezo nokha.

Tsopano tinene kuti zachitika, wina wakutumizirani nyimbo kapena kanema womwe simunapange. Musathamangire kukalipa pa Facebook, chifukwa woikayo achotsa msanga ndipo umboni upita nawo. Yambani mwasunga: koperani fayiloyo, jambulani tsambalo kuti dzina la akaunti, tsiku ndi linki zioneke, lembani nambala yomwe inatumiza pa WhatsApp. Ngati ikugulitsidwa kumsika, tumani munthu akagule ndipo akumbukire malo ake ndi tsiku.

Mukatero, funsani kuti chabedwa kwenikweni n'chiyani, pakuti yankho lake ndi limene likuuzeni khomo loti mugogode. Ngati atenga nyimbo yanu, chigawo chake kapena biti yanu, umenewo ndi mlandu wa umwini, pitani ku COSOMA. Ngati akugwiritsa ntchito liwu lanu kupempha anthu ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, kumeneko ndi kuba mwachinyengo: kanenani ku polisi, ndipo Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 ilipo pa milandu ya pa intaneti. Ngati nkhope kapena liwu lanu zatengedwa n'kugwiritsidwa ntchito musanavomere, Data Protection Act ya 2024 inapatsa bungwe la MACRA udindo womva madandaulo okhudza zinthu zozindikiritsa munthu. Ngati akuyimbitsani zotukwana, kapena zotamanda chipani chomwe simuchitsatira, loya akhoza kukasuma mlandu woipitsa mbiri n'kupempha khoti chiletso ndi chipukutamisozi, motsamiranso ndime 19 ndi 21 za malamulo aakulu a dziko, zonena za ulemu wa munthu ndi chinsinsi chake. Ndalama ya loya ikasowa, yesani ku Legal Aid Bureau. Njira za kukhotizi sizinapondedwe kwenikweni pa nkhani ya AI, ndipo zimachedwa.

Chofulumira ndi kudandaula kwa eni tsamba. Kuyambira 2024 YouTube imalola munthu kupempha kuti achotse kanema wotsanzira nkhope kapena liwu lake, kudzera pa fomu ya madandaulo a zachinsinsi. Spotify inalengeza mu Seputembala 2025 kuti kutsanzira liwu la woyimba n'kololedwa pokhapokha mwini wake wavomera. Dandaulani nokha, ndi dzina lanu lenileni. Kenako uzani okutsatirani mwachidule kuti nyimboyo si yanu, osaikanso linki yake, ndipo dziwitsani owulutsa nyimbo pa wailesi.

A banja la woyimba amene anatisiya achitenso zomwezi: adziwe komwe kuli mafayilo ake, ndipo asankhe munthu mmodzi wopereka kapena kukana chilolezo. Inu amoyo, lembani mu wilo yanu amene adzayang'anire nyimbo ndi mafayilo anu. Pa za lamulo lenileni loteteza liwu, pitani nayo nkhaniyi ku msonkhano wa Musicians Union of Malawi ndi wa COSOMA, mupemphe kuti mabungwewa alembere unduna woona za chikhalidwe ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo kuti ndime yotere ilowe mu Copyright Act.