Sindimwa, koma alendo akufuna vinyo

Azakhali,
Ndangolembedwa kumene ntchito yoperekera zakudya pa loji ina m'mbali mwa nyanja kuno ku Nkhotakota. Ine mowa sindimwa. Dzana mlendo anaitanitsa vinyo wa "dry", ine kakasi, anzanga n'kumandiseka. Ndithandizeni, ntchito ingandithere.
Mwana wanu, Nkhotakota

Mwanawe,
Usayambe kumwa chifukwa cha ntchito. Zoti udziwe n'zochepa.

Vinyo amachokera ku mphesa. Madzi a mphesa zakuda akawira pamodzi ndi makoko ake, vinyo amatuluka wofiira. Akawira opanda makoko, ndi woyera. Makoko akakhalamo maola ochepa chabe, ndi uja wofiirira pang'ono amati rosé. Palinso wathovu wa pa ukwati.

Mawu anakusokonezawo amangotanthauza vinyo wosatsekemera: yisiti anadya pafupifupi shuga yense pamene ankawira. Choncho mlendo akakhala pansi, mufunse ziwiri: woyera kapena wofiira, wotsekemera kapena ayi? Ukatero sugwiranso njakata.

Mabotolo ambiri amene ukuwaona amachokera ku South Africa, madera a Stellenbosch ndi Paarl, ndipo mayina aakulu olembedwapowo kawirikawiri ndi mitundu ya mphesa. Chenin Blanc ndi Sauvignon Blanc ndi oyera. Merlot, Shiraz ndi Pinotage ndi ofiira. Woitanitsa chambo kapena kampango ndi mpunga umuuze za woyera wozizira bwino. Wofiira amamanga m'kamwa ngati tiyi wochuluka masamba wopanda shuga, n'chifukwa chake amayenda ndi nyama ya ng'ombe kapena ya mbuzi. Mlendo akafuna zosiyana, usatsutse, ndalama ndi zake. Wofunsa wa kuno kwathu umutchulire Linga, vinyo wa zipatso wopangidwa ku Lilongwe.

Chimene chimandipweteka mtima m'malo ambiri a kunyanja ndi kasungidwe. Botolo lodula amaliimika pa shelefu yowombedwa ndi dzuwa, kutentha kwa Okutobala n'kuliwononga lisanatsekulidwe. Lisunge pamthunzi, kutali ndi moto wa kukhitchini. Ngakhale wofiira, kunjaku kukatentha, muike mufuriji kwa mphindi 20 usanapereke. Lotsekula kale litsekenso, libwerere mufuriji, lithe m'masiku atatu.

Vinyo wambiri mphamvu yake ndi 12 mpaka 14 peresenti, kuposa kawiri ya Carlsberg Green. Patebulo pasasowe madzi akumwa, ndipo mlendo amene wamwa umuchenjeze asalowe m'nyanja kukasambira.
Azakhali