Kugula ndi Kuzoloweza Njinga Yamoto Yatsopano ku Britain

Mmalawi wokhala ku Britain amene akufuna njinga yamoto yoyendera kumidzi amayamba ndi laisensi, chifukwa ndiyo imalamula kukula kwa njinga yoti agule. Laisensi ya ku Malawi imagwira ntchito miyezi 12 yokha kuchokera pamene munthu wakhazikika m'dzikomo, ndipo sasinthitsa ndi ya kumeneko. Choncho amatenga laisensi ya wophunzira ku DVLA, ofesi yoona za malaisensi, n'kuchita maphunziro oyambirira oyendetsa njinga otchedwa CBT, amene nthawi zambiri amatha tsiku limodzi. Chikalata cha CBT chimakhala zaka ziwiri ndipo chimalola njinga yosaposa 125cc, yomatidwa chilembo L kutsogolo ndi kumbuyo. Wophunzira saloledwa kulowa m'misewu ikuluikulu ya motorway kapena kubereka munthu, ndiye zopanikizana atatu ngati pa kabaza n'zoiwala. Njinga yokulirapo imafuna laisensi ya A2, yoyambira zaka 19, kapena ya A, imene wosadzera ku A2 amaitenga ali ndi zaka 24.

Kusitolo, wogula amayamba waikhalira njingayo n'kuona ngati mapazi onse akufika pansi, poti misewu ya kumidzi imaimitsa munthu pamtsetse ndi pamatope. Afunsiretu mtengo wa inshuwalansi asanalipire, chifukwa wobwera kumene amalipiritsidwa zambiri. Pamafunikanso msonkho wa pamsewu, chikalata cha kalembera wa njinga cha V5C, helumeti yomwe ndi lamulo, magolovesi, jekete yosalowa madzi ndi loko wolimba. Njinga yatsopano imapita ku MOT, kokayezedwa ngati ili yoyenera pamsewu, ikakwanitsa zaka zitatu.

Ntchito yaikulu ili pa mamailosi 600 oyambirira, pafupifupi makilomita 1,000. Injini yatsopano zitsulo zake zimakhala zisanazolowerane. Malingi a pisitoni amayenera kupalana pang'onopang'ono ndi khoma la silinda mpaka atakhala bwino. Zikalephereka, injini imadzadya oilo ndi kuchepa mphamvu. Woyendetsa asaipatse moto wonse, komanso asaikakamize kukwera chitunda ndi giya yaikulu mpaka kumagogoda. Aisiye itenthe pang'ono asananyamuke, azisinthasintha magiya ndi liwiro, ndipo asapitirire malire olembedwa m'buku la njingayo. Msewu wokhotakhota wa kumudzi ndiwo woyenera ntchitoyi kuposa wowongoka, umene umasunga injini pa liwiro limodzi.

Matayala atsopano amaterera pa mamailosi 100 oyamba, choncho pakona njinga isapendekeke kwambiri. Mabuleki nawo amayamba kuluma bwino akagwiritsidwa ntchito mofatsa kangapo. Tcheni chatsopano chimakhwepa msanga ndipo chimafuna kukungidwa ndi kudzozedwa. Pa sevisi yoyamba makaniko amataya oilo amene watolera tizidutswa ta zitsulo, n'kumanganso mabawuti. Sevisi imeneyi ikadumphidwa, walanti ikhoza kuthera pomwepo.

Madera ngati Peak District ndi Yorkshire Dales ali ndi misewu yopapatiza, yotchingidwa ndi mipanda ya miyala yobisa zimene zili kuseri kwa kona. Amayendera kumanzere ngati ku Malawi, koma zikwangwani zimawerenga mamailosi: 60 ya kumeneko ndi makilomita pafupifupi 97 pa ola. Nkhosa zimagona pa tala, mathalakitala amasiya matope pazipata za minda, ndipo zitsulo zoyala pamsewu zoletsa ziweto kudutsa zimaterera mvula ikagwa. Amaziwoloka njinga itawongoka, osagwira buleki. Njira za oyenda pansi ndi za akavalo n'zoletsedwa kwa njinga yamoto.

M'nyengo yozizira amawaza mchere m'misewu kuti madzi asaundane. Mcherewo umadyetsa njinga dzimbiri, motero pobwera ku ulendo imatsukidwa ndi madzi ozizira, n'kuumitsidwa, tcheni n'kudzozedwanso.