Ulendo wa Madzi Oipa

Chiweta ndi malo amene ali m'mphepete mwa Nyanja ya Malawi, m'boma la Rumphi. Msewu waukulu wochokera ku Mzuzu kupita ku Karonga umatsetsereka phiri mokhotakhota mpaka kufika kunyanja pamalo amenewa. Anthu a kumeneko amapha usipa ndi nsomba zina. Amasamba ndi kuchapa m'nyanjamo, ndipo ena amatunga momwemo madzi akumwa.

Madzi a m'nyanjayi amachokera kutali. Mtsinje wa Lunyangwa umadutsa mu mzinda wa Mzuzu ndi kuthira mu Kasitu. Kasitu amathira mu Rukuru wa Kum'mwera, ndipo Rukuruyo amakalowa m'nyanja kum'mwera kwa Chiweta. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Chotero zonyansa zotayidwa mu mtsinje kumtunda zikhoza kufika pamene mwana wa msodzi amasambira.

M'mizinda mumakhala anthu ambiri pamalo amodzi. Tsiku ndi tsiku mumatuluka madzi oipa ochokera m'zimbudzi, m'mabafa, m'zipatala ndi m'mafakitale. M'madzi otere mumakhala tizirombo tosaoneka ndi maso toyambitsa kolera ndi kamwazi. Zonyansazo zikamaola mu mtsinje zimatha mpweya umene nsomba zimapuma, ndipo nsombazo zimafa. Pa chifukwa chimenechi madzi oipa ayenera kuyeretsedwa asanabwerere mu mtsinje.

Ku Lilongwe ntchito imeneyi imachitika ku Kauma. Madzi oipa amafika kumeneko kudzera m'mipope ya pansi pa nthaka. Poyamba amadutsa pa sefa wachitsulo amene amakola nsanza, mapepala ndi mapulasitiki. Kenaka amalowa m'dziwe lakuya, mmene zolemera zimakhazikika pansi ngati matope ndi kuyamba kuola. Kuchokera apo amapita m'maiwe otambalala koma osazama. M'menemo mumamera ndere zimene zimatulutsa mpweya wabwino dzuwa likawala. Tizirombo tina tothandiza timapuma mpweyawo pamene tikudya zonyansa zotsala. M'maiwe otsiriza dzuwa limapha tizirombo tambiri ta matenda. Zonsezi zimatenga masiku ambiri, ndipo pambuyo pake madziwo amathiridwa mu mtsinje wa Lilongwe.

Mtsinje wa Lilongwe umathira mu Linthipe, amene amalowa m'nyanja m'boma la Salima. Nyanja yathu imatulukira mu Shire, Shire amathira mu Zambezi, ndipo Zambezi amakathera m'nyanja yamchere ya Indian ku Mozambique. Tikasamala madzi kwathu kuno tasamaliranso anansi athu.

Komabe madzi otuluka m'maiwe aja sali oyenera kumwa. Ndiponso mipope ikaphulika, kapena maiwe akadzaza matope, zonyansa zimalowa mu mtsinje zosayeretsedwa. Nyumba zambiri m'dziko muno sizinalumikizidwe ku mipope yotere. Kumidzi chimene chimateteza nyanja ndicho chimbudzi chokumba bwino, chovindikira, chotalikirana ndi chitsime ndi gombe.

Kolera imene inabuka m'chaka cha 2022 inafalikira m'maboma onse a dziko lino, ndipo pofika m'chaka cha 2023 inali itapha anthu oposa 1,700. Matendawa amayenda ndi madzi ndi chakudya chodetsedwa ndi chimbudzi cha munthu wodwala. Tsono tisadzithandize m'nyanja kapena patchire. Tiwiritse madzi akumwa kapena tithiremo mankhwala a klorini, ndipo tisambe m'manja ndi sopo tikachoka kuchimbudzi.

Mafunso
1. Kodi Chiweta ali m'boma liti?
2. Tchulani mitsinje imene madzi a ku Mzuzu amadutsamo asanafike kunyanja.
3. Chifukwa chiyani nsomba zimafa m'madzi oipa?
4. Kodi ndere ndi dzuwa zimagwira ntchito yanji m'maiwe a ku Kauma?

Ntchito
Jambulani mtsinje wa kwanu, ndipo muonetse kumene ukuchokera ndi kumene ukuthira.