Phunziro: Kukonzekera Ulendo wa Kunyanja ndi Mwana Wamng'ono

Amayi anzathu, Tsiku la Anakubala likamayandikira pa 15 Okotobala, mabanja ambiri amayamba kukamba za ulendo wa kunyanja. A ku Lilongwe amatsikira ku Senga Bay ku Salima, a ku Blantyre ndi ku Zomba amalowera ku Mangochi mpaka ku Cape Maclear, pamene a kumpoto amapita ku Nkhata Bay kapena ku Chintheche. Ndi chinthu chabwino ndithu. Mayi amene watha chaka chonse ali pamoto, kumjigo ndi kumunda ayenera kukapumako, ndipo mwana ayenera kuiona ndi maso nyanja imene amangoimva m'nkhani. Koma m'phunziro lino tikukamba za banja limene likutenga mwana wosafika zaka 5. Pa banja lotere, mwezi wopita, malo ogona, ngakhale poyala mkeka pagombe, zonse tizisankha poyang'ana wamng'onoyo.

Tipite mwezi uti?

Okotobala ndi mwezi wotentha kwambiri, ndipo kunyanja kumatentha kuposa kumtunda. Pofika masana mchenga umaotcha mapazi a munthu wamkulu, nanji a mwana. Pa tsiku la tchuthilo pagombe pamadzaza anthu, magalimoto, zoimbaimba ndi mowa. Ngati tingathe, tipite tsiku lina pafupi ndi tchuthicho, pamene anthu achepa. Chisangalalo chake ndi chomwecho, koma diso la mayi limaona patali.

Miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti kumazizira bwino, koma ndi nthawi ya mwera, mphepo yochokera kummwera imene imautsa mafunde aakulu moti asodzi enieniwo amakokera mabwato awo kumtunda. Nthawi ya dzinja nayo ili ndi zake: udzudzu umachuluka, madzi amada ndi matope a m'mitsinje, ndipo matenda otsekula m'mimba amafala. Tikumbukire kuti kolera imene inayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mu 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja monga Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay anavutika nayo kwambiri. Kwa ife, Sepitembala ndiye mwezi wabwinopo: mwera wayamba kuchepa, kutentha sikunafike pachimake.

Tisananyamuke tiimbire foni kumalo kumene tikagone, tifunse ngati gombe lilipo. Funsoli likumveka lachibwana, koma mu 2024 madzi a m'nyanja anakwera kwambiri mpaka kumiza magombe ndi nyumba zina zogona alendo. Malo amene tinawaona zaka zapitazo angakhale atasintha.

Ndani akuyang'ana mwana?

Apa ndipo pagona phunziro lathu, ndipo tipakhalitse. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena kuti mu 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira m'madzi, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse anali mwana wosafika zaka 5.

Ambirife timaganiza kuti mwana akamamira amakuwa ndi kuphiriphitha, ndiye tidzamva. Sizitero ayi. Madzi akalowa m'kamwa, mwana satulutsa mawu. Amangolowa pansi mwakachetechete, ndipo mphindi zowerengeka zimakwana kuti ubongo uwonongeke. Mutu wa mwana wamng'ono ndi wolemera poyerekeza ndi thupi lake, choncho akagwa chafufumimba m'madzi olekeza m'mawondo mwake akhoza kulephera kudzuka.

Chodabwitsa ndi chakuti ngozi zotere zimachitika anthu ali ambiri. Mayi akuti mwana ali ndi bambo ake, bambo akuti ali ndi azakhali, azakhali akujambula zithunzi pafoni poganiza kuti ali ndi agogo. Aliyense akuyesa kuti wina akuyang'ana. Ndiye tisanatsike m'galimoto, tigwirizane kuti munthu mmodzi, wotchulidwa dzina, ndiye mlonda wa mwana pa nthawi imeneyo. Mlondayo sagwira foni, saphika, sagula nsomba, sawodzera, ndipo asakhale atalawa mowa. Mwana akakhala m'mphepete mwa madzi, mlonda akhale pafupi moti angomutambasulira dzanja n'kumugwira.

Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, choncho tizisinthana. Njira yosavuta ndi kusankha duku kapena chipewa chimodzi chooneka bwino. Amene wachivala ndiye mlonda. Akafuna kupita kuchimbudzi kapena kukasambira, achivule n'kuchipereka m'manja mwa mnzake, ndipo anene ndi pakamwa kuti, "Bambo a mwana, tsopano ali m'manja mwanu," mnzakeyo avomere. Abambo nawonso alowe m'ndandanda umenewu. Ulendo wa Tsiku la Anakubala umene mayi watha tsiku lonse ali chilili kuthamangitsa mwana, enawo akusangalala, si tchuthi cha mayi.

Kwathu kuno timakonda kusiyira khanda mkulu wake wa zaka 8 kapena 10. Pakhomo zimatheka, koma pamadzi ayi. Nayenso ndi mwana, maso ake ali pa anzake amene akusewera, ndipo mng'ono wake akamira akhoza kulumphiramo n'kumira onse awiri. Tisamusenzetse katundu amene adzamulemera moyo wake wonse.

Machubu a matayala ndi zidole zopopa mpweya zisatinamize. Zimapidiguka, zimaphwa, ndipo kamphepo kochepa kamazikankhira kwakuya. Za kukwera boti kukaona zilumba, ngati mulibe jekete yoyandamitsa yokwana msinkhu wa mwanayo, iye ndi mlonda wake atsale kumtunda. Tifunsenso eni dera za ng'ona ndi mvuu, makamaka pafupi ndi pamene mtsinje ukuthira m'nyanja ndi pamene pali mabango, ndipo tisasambe m'bandakucha kapena kukada. Paja safunsa anadya phula.

Ngozi ikachitika, tikamuvuula mwana timugoneke chagada pamalo olimba. Ngati sakupuma, tikweze kachibwano kake pang'ono n'kumuuzira mpweya ka 5. Kwa khanda, pakamwa pathu paphimbe kamwa ndi mphuno zake. Kenako tidinikize pakati pa chifuwa ka 30, kuuzira ka 2, n'kumabwereza chomwecho uku wina akufuna galimoto. Tisataye nthawi ndi kumuzondotsa kapena kumufinya pamimba kuti asanze madzi, chifukwa chimene akusowa ndi mpweya. Ngakhale atatsitsimuka n'kuyamba kusewera, apite ndithu kuchipatala tsiku lomwelo. Izi n'zovuta kuziphunzira pa pepala. Ndi bwino gulu lililonse liitane namwino adzationetse pogwiritsa ntchito chidole.

Madzi odikha ali ndi mwini wake

Poopa mafunde, mayi wanzeru amafunafuna kamalo kodikha, kosaya, kofunda bwino, n'kukhazikapo mwana wake. Tsoka lake ndi lakuti malo oterewa ndi amenenso nkhono za likodzo zimakonda.

Likodzo limayenda motere. Munthu wodwala akakodza m'madzi, mazira a tizilombo amaswa n'kulowa mu nkhono zazing'ono. Pakapita milungu ingapo, nkhonozo zimatulutsa tizilombo tambirimbiri tosaoneka ndi maso, timene timaboola khungu la munthu amene waponda kapena kukhala m'madzimo. Safunika kumwa madziwo kuti atenge matendawa. Tizilomboti timatuluka kwambiri dzuwa lili paliwombo. Malo a mabango, ndere ndi udzu, ndiponso pa dooko pamene anthu amachapa ndi kutsuka mbale, ndiwo oopsa kwambiri, koma kummwera kwa nyanja, monga ku Cape Maclear, nkhono zofalitsa likodzo zapezekanso pa mchenga woyera bwino. Choncho mwini malo ogona akanena kuti "kuno kulibe likodzo," timuthokoze, koma tisadalire mawu akewo. Kupukuta thupi msanga ndi thaulo sikuteteza mokwanira.

Nanga tichite bwanji ndi mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri? Ife tikuona kuti palibe chimene wataya ngati sanalowe m'nyanja. Titenge beseni lathu la pakhomo, tiliike pa mthunzi, tithiremo madzi pang'ono a pa mjigo kapena a pa mpopi wothiridwa mankhwala. Timupatse kapu, supuni ndi mchenga. Adzasangalala mpaka kugona. Tifunse kumene madzi a pamalopo amachokera, popeza malo ena amangopopa kuchokera m'nyanja momwemo. Ngati ndi choncho, madzi osambitsira mwana tiwawiritse n'kuwaziziritsa, kapena akhale m'chidebe masiku 2, pakuti tizilomboti sitikhala moyo nthawi yaitali tikasowa munthu. Besenilo nalo ndi madzi: mlonda akhale pomwepo, ndipo tikatha tikhuthule.

Dzuwa, udzudzu ndi za m'mimba

Kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana mwana akhale pa mthunzi. Khungu lakuda nalonso limapsa, ndipo thupi laling'ono limatha madzi msanga. Avale chipewa, malaya opepuka ndi tinsapato. Khanda losafika miyezi 6 lisaikidwe padzuwa n'komwe, ndipo tisalipatse madzi poti kwatentha. Tingoliyamwitsa pafupipafupi, mayi n'kumamwa madzi ambiri. Mwana wachialubino afunika chipewa cha khonde lalikulu, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza khungu opakidwa mobwerezabwereza. Mwana akafooka, maso akalowa, liwombo likalowa, kapena akatha nthawi yaitali osakodza, madzi amuthera m'thupi.

Kunyanja malungo amakhalako chaka chonse. Titenge neti yathu ndi chingwe chake, chifukwa ya kumalo ogona ikhoza kukhala yobooka kapena osapezeka. Mwana alowe mu neti kukangoyamba kuda. Dziko lathu linali loyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana mu Epulo 2019, koma katemerayo sateteza kotheratu, ndiye wolandira katemera agonebe mu neti.

Madzi akumwa tinyamule kunyumba, kapena tithire WaterGuard. Phala la mwana tiphike tokha m'mawa n'kuika m'fulasiki, ndipo lisagone. Chambo chootcha cha pagombe n'chokoma, koma chikhale chotentha, ndipo tichotse minga ndi zala zathu tisanamupatse mwana. M'chikwama musasowe sopo, mapaketi a Thanzi ORS, mankhwala oziziritsa thupi a ana, matewera okwanira, zitenje zingapo, ndi kabuku kake ka kusikelo. Tikafika tifunsiretu kumene kuli chipatala chapafupi ndi mmene tingakafikireko usiku. Matewera ndi chimbudzi cha mwana tizitaye m'chimbudzi kapena tibwerere nazo, osati m'madzi kapena kukwirira pa mchenga. Anthu a kumeneko amamwa ndi kusamba madzi omwewo ife titapita.

Pa za msewu ndi ndalama tingonena mwachidule. Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100, kuchokera ku Blantyre kufika ku Mangochi ndi pafupifupi 190. Tisankhe gombe lapafupi, tilawirire m'mamawa kusanatenthe, ndipo tibwerere kusanade. Mwana asakwere kumbuyo kwa lole, asakhale pa mpando wa kutsogolo, ndipo asasiyidwe m'galimoto yotseka ngakhale atagona. Powerengera ndalama za thiransipoti, malo ogona ndi kamba, tipatule ina yapadera ya matenda kapena galimoto ikafa. Ngati ndalama yapaderayo palibe, tichepetse masiku. Tisatenge ngongole ku banki m'khonde chifukwa cha ulendo wokasangalala.

Tikabwerera kunyumba

Ulendo sunathe pamene tatsitsa katundu. Malungo amaonekera pakapita sabata imodzi kapena kuposerapo chilumidwire ndi udzudzu. Mwana akatentha thupi m'milungu yotsatira, apite kukayezetsa magazi tsiku lomwelo, ndipo tiwauze adokotala kuti tinali kunyanja. Akamakana kuyamwa, kusanza chilichonse kapena kukomoka, tisadikire kuti kuche.

Likodzo limachedwa kwambiri. Ena amagula praziquantel n'kumwa tsiku lobwerera poganiza kuti athana nalo, koma mankhwalawa amapha bwino nyongolotsi zikakula, ndipo zimatenga milungu 6 mpaka 8 kuti zikule. Tilembe pa kalendala, miyezi 2 ikakwana aliyense amene analowa m'madzi apite kuchipatala akayezetse mkodzo. Mlingo wa mankhwala umatengera kulemera kwa munthu, choncho wa mwana apereke ndi achipatala. Kuyambira mu 2022 malangizo a WHO amalola kuti ana oyambira zaka 2 alandire mankhwalawa. Chizindikiro chodziwika ndi magazi kumapeto kwa mkodzo, koma ambiri amakhala nalo osaona kanthu, uku likuwachepetsa magazi ndi kuwononga chikhodzodzo.

Ifenso amayi tisadziiwale. Likodzo limatha kufika ku ziwalo zoberekera n'kubweretsa zilonda, kuyabwa, kutaya magazi ndi ululu pokhala malo amodzi ndi bambo. Zizindikirozi zimafanana ndi za matenda opatsirana pogonana, ndipo zikhoza kuutsa kukayikirana m'banja popanda wolakwa. Pofotokoza kuchipatala titchule kuti tinasamba m'nyanja.

Zokambirana pagulu

Pa maulendo a gulu amene takhala tikupita, kodi ana aang'ono amayang'aniridwa ndi ndani, ndipo tinagwirizana liti zimenezo? Kodi tingawauze bwanji abambo kapena apongozi, mwaulemu, kuti ino ndi nthawi yawo yovala chipewa cha ulonda? Ndi namwino kapena mlangizi wa zaumoyo uti wa m'dera lathu amene tingamupemphe kuti adzatiphunzitse kuthandiza mwana womira, ndipo adzabwere pa msonkhano wa tsiku liti?